Maroketi a Che Uladi

Che Uladi ndinawadziwa chifukwa cha chubu chakutha. Ndinali nditangotumizidwa kumene ku Lungwena ngati mlangizi wa zaumoyo, kuchokera kwathu ku Dedza, ndipo ntchito yanga inali ya panjinga: kuzungulira m'midzi, kuyeza ana sikelo, kuona zitsime ndi zimbudzi. Mchenga ndi minga ya kumeneko sizinachedwe kuimaliza njinga ija. Anthu anandilozera pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu wopita ku Makanjira, kuti pamenepo pali munthu wokonza njinga amene sathamangira ntchito.

Ndinapeza bambo wamtali, woonda, kumutu ali ndi kofia yoyera imene inali itada m'mphepete ndi girisi. Atatulutsa chubu changa anapukusa mutu, nati zigamba zachuluka kuposa chubu chenichenicho. Ndinagula china. Potsanzika anandipempha kuti chakalecho ndiwasiyire. Ine ndinkati akufuna mphira zomangira katundu, koma iwo anangodulako valavu yokha n'kuiponya m'chitini momwe munali anzake ambiri. Kuseri kwa mtengowo kunali thumba lodzaza mabotolo apulasitiki a zakumwa, otsukidwa bwinobwino. Nditafunsa ntchito yake anangoseka, nati ndidzabwere Loweruka m'mawa kudambo la kuseri kwa sukulu, mphepo isanadzuke.

Ndinapita chifukwa chosowa chochita. Banja langa linali likadali ku Dedza, Chiyao sindinkachimva, ndipo Loweruka linkanditalikira. Ndinawapeza atagwada pakati pa dambo louma, atazunguliridwa ndi ana ndi amayi angapo amene anaima ndi nkhuni zawo pamutu. Botolo linali litaimikidwa chozondoka pa kathabwa. M'mbali mwake anali atamatamo zipsepse zodula kuchokera ku chidebe chosweka, ndipo pamwamba panali mphuno yosongoka. M'katimo munali madzi osafika theka. Kukamwa kwake anatsekako ndi mphira ya patapata, valavu ija ili pakati. Anandipatsa pampu kuti ndipope. Ndinapopa mpaka botolo linayamba kulira ngati likufuna kuphulika. Iwo anauza anthu kuti asunthe, nakoka chingwe chomasulira botololo.

Ndinangomva phwaa! Madzi anandimwazikira kumaso ndi m'malaya. Pamene ndinkatukula mutu, botolo lija linali litapitirira mlambe umene unali kumapeto kwa dambo, likucheperachepera m'mwamba. Linaima pang'ono ngati likuganiza, kenaka linatembenuka n'kubwerera pansi ngati mwala. Che Uladi, munthu wa ndevu za imvi, anali atayamba kale kuthamanga, kofia ili m'manja. Anabwera atalinyamula, mphuno yake itaphwanyika, nkhope yawo ili mwee. Anandiuza kuti chinthucho dzina lake ndi roketi, ndipo kuti kukwera si nkhani, nkhani ndi kubwerako bwino.

Mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono, masana ambiri, nditakhala pa benchi lawo kudikira njinga. Anabadwira konko, bambo awo anali msodzi. Ali mnyamata anapalasako bwato, koma nyanja sinkawakonda, ankachita nseru. Monga anyamata ambiri a dera limenelo, anapita ku Joni, kusiya mkazi wawo Asiatu, amene aliyense ankamutcha Abiti Sadiki, ali ndi khanda dzina lake Nadia. Atavutika ndithu anapeza ntchito yosamalira maluwa kwa nkhalamba ina yokhala yokha. Nkhalambayo inkatha masiku m'galaja ikupanga maroketi a mapepala olimba ndi timatabwa topepuka, oyendera moto wochita kugula kusitolo. Lamlungu inkawatenga pagalimoto kupita ku chigwa china kunja kwa mzinda, kumene kunkasonkhana anthu ena a chizolowezi chomwecho. Miyendo ya nkhalamba inali itatha, choncho ntchito ya Che Uladi inali kuyang'anitsitsa kumene roketi yagwera ndi kukaitola.

Ankati zaka zonse za ku Joni, ndi m'chigwa chimenecho mokha mmene ankathamanga popanda wowathamangitsa. Nkhalamba itamwalira, ana ake anagulitsa nyumba. Posakhalitsa kunabuka chipwirikiti chothamangitsa alendo, ndipo Che Uladi anabwerera kwawo pa basi ndi chikwama chimodzi. Anzawo ena anabwerako ndi malata ndi mainjini a maboti. Iwo anabwerako ndi masipanala ochepa ndi chizolowezi choyang'ana kumwamba.

Poyamba anayesa kupanga ya moto ngati ya nkhalamba ija. Inawaotcha nsidze ndi kuyatsa udzu wa pakhitchini, ndipo Abiti Sadiki anawauza kuti asankhe pakati pa banja ndi moto. Apo ndi pamene anakumbukira kuti m'chigwa muja ena ankayambitsa ana awo ndi maroketi a madzi ndi mpweya. Madzi ku Lungwena sasowa, pampu anali nayo kale.

Sindikudziwa tsiku limene ndinasiya kukhala woonerera. Ndinangozindikira kuti poyenda m'midzi ndikutola mabotolo, ndipo Loweruka ndikudzuka m'mamawa kuposa tsiku la ntchito. Iwo anasiya kunditchula a zaumoyo, anayamba kunditi achimwene. Lachisanu ankatseka ntchito kupita kumzikiti ku mapemphero a Juma, Lamlungu ine ndinali kutchalitchi, koma Loweruka linali lathu tonse. Tinkalakwitsa zambiri. Roketi ina inauluka chopingasa n'kukabalalitsa mbuzi za eni. Ina inaphulikira pa kathabwa pomwepo, makutu athu n'kulira tsiku lonse. Ina inakagwera m'chitsamba cha chitedze, ndipo tinakangana ngati ana kuti alowemo ndani, mapeto ake tinalowamo tonse n'kukanda mpaka madzulo.

Chimene chinkatisowetsa mtendere chinali kagwedwe kaja. Roketi iliyonse yokwera bwino inkabwera n'kudzimenyetsa pansi. Che Uladi ankadziwa kuti pamafunika kansalu kotambasuka m'mwamba ngati ambulera, koma athu a majumbo ankang'ambika kapena kukanirira m'mphuno. Abiti Sadiki anali telala, makina awo ali pakhonde, koma zathuzo ankazitcha za ana ndipo kudambo sanapondeko. Tsiku lina anatipeza tikulimbana ndi singano, ine nditagwira jumbo, amuna awo akudzibaya chala. Anaima kanthawi akutiyang'ana. Kenaka analowa m'nyumba, natuluka ndi ambulera yakuda yothyoka nthiti, naisenda nsalu yake, nakhala pa makina. Anaipinda m'mphepete, namangirira tizingwe ta ukonde wakale. Potipatsa anati asoka chifukwa chochita manyazi ndi kasokedwe kathu, osati china.

Loweruka lotsatira kansaluko sikanatambasuke, linzakelo kanatambasuka roketi itatsala pang'ono kugunda pansi. Abiti Sadiki anafunsa mmene tinkakapindira, natilanda, natisonyeza kapindidwe kena, kothira ndi ufa pang'ono kuti nsalu isamatirire. Ulendo umenewo anabwera okha kudambo, ati kudzaona ngati tamva. Roketi inakwera, itafika pamwamba mphuno inagwa, ambulera n'kutseguka. Inatsika pang'onopang'ono ikuyendayenda uku ndi uku, mpaka inakhala pa udzu ngati nkhuku pa mazira. Che Uladi sanathamange tsiku limenelo. Anangoima manja ali m'chiuno, maso ali ndi misozi.

"Bambo a Nadia, kaitoleni nanga," anatero Abiti Sadiki. "Nsalu yanga idyedwa ndi mbuzi."

Mtima wa munthu sukhuta. Titatha zimenezo tinafuna yaikulu. Tinalumikiza mabotolo atatu, ntchito imene inatidyera miyezi chifukwa polumikizira pankangotuluka mpweya. Tinaipaka utoto wofiira wotsala kwa okhoma maboti. Tinaiulutsa m'nyengo ya mwera, m'mawa umene pansi panali bata, osadziwa kuti kumwambako mphepo inali itadzuka kale. Inakwera kuposa zonse zimene tinapangapo. Ambulera itatseguka, mphepo inainyamula kupita nayo chakumpoto, kudutsa migwalangwa, mpaka inatisowa. Tinaifunafuna m'mabango a m'mbali mwa mtsinje tsiku lonse, osaipeza. Tinaganiza kuti yamira m'matope.

Lolemba ndili pa sikelo, ndinamva amayi awiri akunong'onezana pamzere. Pofika nthawi imeneyo Chiyao ndinali nditayamba kuchitola. Ankakamba kuti kutsidya kwa mtsinje kwagwa ndege ya ufiti, yofiira, yokhala ndi nsalu yakuda, ndipo yagwera pakhomo pa mayi Nuru, mayi wachikulire wamasiye amene ankakhala yekha n'kumaluka mikeka. M'mudzimo munali mutamwalira mwana masabata apitawo, ndipo anthu anali atalumikiza kale nkhani ziwirizo. Ndinasiyira sikelo mnzanga, ndinapalasa kupita pa mango paja. Che Uladi atamva anasiya njinga ya munthu ili miyendo m'mwamba, natenga pampu ndi kathabwa kaja.

Tinapeza anthu atadzaza pabwalo la kanyumba kaudzu. Roketi yathu inali lende pa mtengo wa papaya kuseri kwa nyumba, ambulera ikukupiza, ndipo panalibe amene anayerekeza kuikhudza. Chitseko cha nyumbayo chinali chitathyoledwa, mtsuko uli zidutswa pansi. Mayi Nuru anali pakhonde, atakhala chowerama, mpango utaphimba nkhope. Tinamva kuti chiyambire Loweruka sanaloledwe kukatunga madzi pa mjigo. Amene ankalankhula kwambiri anali msodzi wina wamphamvu zake, dzina lake Swadick, malume ake a mwana womwalira uja. Ankafuna kuti mayiyo achoke m'mudzimo dzuwa lisanalowe.

Che Uladi anapereka salamu, nadutsa pakati pa anthu, nakokera roketi ija pansi ndi nsungwi. Amayi ena anathawa. Anafotokoza kuti chinthucho ndi chawo, kuti ndi mabotolo a zakumwa ndi ambulera yakutha, ndipo kuti mayi Nuru sakudziwapo kanthu. Ine ndinachitira umboni, pokhala ambiri ankandidziwa ndi sikelo. Koma Swadick anati mfiti sizilephera kuikirana kumbuyo, ndipo botolo silingauluke kuchoka kusukulu mpaka kuno popanda mankhwala.

"Katungeni madzi pa mjigo wanu womwewu," anatero Che Uladi. "Muthire nokha, mupope nokha, chingwe mukokenso nokha. Ine ndikhala apo, manja kumbuyo."

Swadick anavomera chifukwa anthu anali kumuyang'ana. Anapopa koyamba, mpweya unangotulukira polumikizira, pamene panasweka roketi itakodwa mu mtengo. Anthu anayamba kung'ung'udza. Che Uladi anapempha botolo lililonse la m'mudzi momwemo. Wina anabweretsa losungira mafuta ophikira. Anasamutsirapo zipsepse anthu onse akuona, nabwerera pamalo pawo. Swadick anapopanso, nakoka chingwe. Botolo linachoka ndi mkokomo, madzi osakanikirana ndi mafuta n'kumuthira thupi lonse. Linakwera kupitirira mitengo yonse ya m'mudzimo, n'kukagwera m'munda wa chinangwa.

Ana ndiwo anayamba kuseka, akulu n'kutsatira. Kenaka anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, wina ati akukaanika usipa, wina ati wasiya mphika pamoto. Panalibe amene anapepesa. Swadick anatsala ataima ndi pampu m'manja, kenaka anaitula pansi bwinobwino n'kumapita. Che Uladi anapita pakhonde paja, nanjuta patsogolo pa mayi Nuru, nalankhula nawo motsitsa mawu. Mayiwo anayankha osatukula mutu.

"Mwanangu, masewera akowa akanandiphetsa."

Pobwerera tinakankha njinga njira yonse. M'mawa mwake Che Uladi anabwereranso kutsidyako ndi mtsuko watsopano ndi misomali yokonzera chitseko. Thumba la mabotolo lija analichotsa pa mango. Loweruka ndikawapeza ankangokamba za mitengo ya matayala ndi za mvula. Ndinayesa kuwauza kuti mlandu unali wa mphepo ndi wa mitima ya anthu, koma iwo ankati mphepo siipatsidwa mlandu, amene anakoka chingwe ndiye mwini nkhani. Dzinja lonse linadutsa choncho.

Amene anawabweza ndi mayi Nuru omwewo. Tsiku lina m'mwezi wa Ramadhani anatulukira pa mango atasenza mikeka yokagulitsa. Anakhala pa benchi kupumula, nafunsa kuti chinthu chija chiuluka liti. Che Uladi anati anasiya. Mayiwo anati zimenezo sizoona. Tsiku lija anali atawerama, sanaone kanthu, anangomva anthu akuseka. Anatukwanidwa, anagona ndi ludzu, chifukwa cha chinthu chimene mudzi wonse unachiona chikuuluka kupatula iwo. Anati akufuna achione ndi maso awo asanafe, ndipo nsaluyo isakhalenso yakuda.

Inauluka tsiku la Idi, anthu atangotuluka ku swala, mapemphero a tsikulo, atavala mikanjo yawo yatsopano. Che Uladi anali atapempha shehe kuti alengeze kumzikiti, kuti wina asadzadzidzimuke. Sitinapitenso kudambo. Tinaimika kathabwa pamchenga, kupitirira mathandala oanikira usipa, roketi itapendekera kunyanja kumene kulibe denga la munthu. Abiti Sadiki anali atasoka ambulera yachikasu. Mayi Nuru tinawakhazika kutsogolo pa mkeka wawo womwe. Roketi itakwera n'kutambasula chikasu chake pamwamba pa madzi, mayiwo anaitsatira ndi chala mpaka inatera, kenaka anati ndi yaing'ono kusiyana ndi mmene anthu ankaikambira.

Botolo lopanda madzi limayandama, ndiye panangofunika wokalitenga. Tisanapemphe aliyense, bwato lina linali litanyamuka kale. Anali Swadick. Anabwera nayo roketiyo ataikweza m'mwamba kuti nsalu isanyowenso, naipereka kwa Che Uladi, kenaka anapita kukagwada pamene panali mayi Nuru. Zimene anakambirana sindinazimve.

Kuyambira chaka chimenecho Idi ya ku gombe lathu sinkatha popanda roketi. Asodzi ankaika mabwato pamzere, nkhafi zili m'manja, kudikira chingwe. Woyamba kuifikira ankamatiridwa chubu ulere mwezi wonse, ndipo ankakangana ngati akulimbirana ng'ombe. Banja langa litabwera, mkazi wanga Annie ankakhala ndi Abiti Sadiki pa mkeka umodzi, akudya mandasi ndi kutiseka. Khirisimasi nayo tinkaulutsa imodzi, ati kuti achimwene asadandaule. Ndikamakumbukira zaka zimenezo ndimamva fungo la usipa wouma ndi la guluu womatira machubu, ndi kuzizira kwa madzi aja akamakugwera m'khosi.

Zinthu zinasintha mosaonetsera. Njinga zamoto zinadzaza msewu wa ku Makanjira, ndipo anyamata a kabaza anasiya kubwera pa mango. Mabotolo amene kale tinkangotola anayamba kusowa, pokhala ogulitsa petulo m'mbali mwa msewu ankawafuna onse. Mayi Nuru anamwalira, Swadick nayenso anapita ku Joni. Ine ndinasamutsidwira ku Machinga. Kenaka maso a Che Uladi anachita ng'ala. Idi ina nditapitako ndinawapeza akuimika roketi mopapasa. Itanyamuka anapendeketsa mutu kumvetsera, ndipo Abiti Sadiki anaima pambali pawo akuwauza kuti yafika pamwamba, yatsegula, ikulowera chakumwera, bwato la uje lili patsogolo. Iwo ankangogwedeza mutu. Imeneyo inali yomaliza kuuluka pa gombe lija.

Kuchipatala cha boma anawapala diso limodzi, ndipo likuona ndithu. Koma Nadia, amene tsopano ndi mayi wa ana ake, anakana kuti makolo ake azikhala okha, nawatengera kwa Mponda kumene amachita geni ya nsomba ndi mwamuna wake. Ndinakawaona kumeneko nditapuma ntchito. Nyumba ndi yabwino, ya malata, koma malowo ndi othinana, mawaya a magetsi ali paliponse, ndipo Che Uladi anati pamenepo ngakhale mwala sungauponye m'mwamba. Amakhala pakhonde kukonza maambulera ndi matochi a anthu oyandikana nawo. Tinacheza mpaka dzuwa kupendeka, kukumbutsana za chitedze chija, Abiti Sadiki akutitsutsa pamene tawonjezera.

Masiku ano ndili kwathu ku Dedza, ndikulima mbatata. Timaimbirana foni ndi Che Uladi Lachisanu akabwerako ku Juma. Amandifunsa za Annie, za ana, kenaka amafunsa ngati kuseri kwa nyumba yanga kuli malo opanda mitengo ndi mawaya, ndi kuti mphepo ya kuno imadzuka nthawi yanji. Sabata yatha anandiuza kuti mkamwini wawo ali ndi ulendo wobweretsa usipa kuno mwezi wamawa, ndipo pa lole pali malo a anthu awiri kutsogolo. Abiti Sadiki akuti abwera nawo, chifukwa sangawakhulupirire amuna awiri okalamba paokha. Annie wayamba kale kufunsa kumene kumapezeka nyama yochinjidwa ndi Msilamu, ndipo dzulo anachapa mabulangete onse a m'nyumba, ati anthu a kunyanja kuzizira kwa kuno sadzakupirira.